Inshuwalansi ya Galimoto Yatsopano: Mmene Yandigwirira Ntchito Chiigulireni

Inshuwalansi siiweruzidwa pa tsiku loigula, chifukwa pa tsikulo munthu amangolandira mapepala ndi malonjezo, ndipo ubwino kapena kuipa kwake kumaoneka pokhapokha china chake chikachitika pamsewu. N'chifukwa chake ndadikira mpaka pangano langa loyamba litayandikira kutha kuti ndilembe ndemanga iyi. Ndinagula galimoto yatsopano ya banja pa ngongole ya kubanki, ndinaitengera inshuwalansi ya comprehensive (yolipira anthu ena komanso kuonongeka kwa galimoto yanu yomwe) kudzera mwa broker, munthu woima pakati pa wogula ndi makampani a inshuwalansi, ndipo m'miyezi yadutsayi kampaniyo yandilipirira galasi lakutsogolo komanso bampala yakumbuyo. Ndine wokhutira ndithu, ngakhale pali malo amene andikhumudwitsa. Chimene ndaona n'chakuti mtengo wa pachaka, umene anthu ambiri amayamba kufunsa, sunakhale ndi mphamvu iliyonse pa masiku amene ndinafuna thandizo. Zonse zinaimira pa mizere ingapo ya m'chikalata cha pangano imene tinagwirizana galimoto isanatuluke m'nyumba ya malonda.

Ogulitsa galimoto anali ndi inshuwalansi yawo yokonzeratu, imene anandiuza kuti angoiphatikiza m'ngongole kuti ndisavutike. Zoterezi sizoipa nthawi zonse, ndipo kwa munthu wofulumira n'zothandiza, koma inshuwalansi ikalowa m'ngongole imaberekanso chiwongola dzanja, ndiponso wogula amasaina pa nthawi imene maso ake ali pa galimoto yonyezimira osati pa mapepala. Ine ndinapempha kuti andipatse chikalata chonse ndikachiwerenge kunyumba, kenaka ndinachipereka kwa broker kuti achiyerekeze ndi za makampani ena. Tsiku lokatenga galimoto lisanafike ndinali nditalandira kale cover note, kachikalata kosakhalitsa kotsimikizira kuti chitetezo chayamba, ndipo ndinaonetsetsa kuti kalembedwapo tsiku ndi ola loyambira, komanso nambala ya chassis, ya zilembo ndi manambala 17, yofanana ndendende ndi imene ili pa galimotoyo. Chilembo chimodzi cholakwika pamenepo chimatha kuchedwetsa malipiro kwa nthawi yaitali, ndipo ulendo woyamba wochoka kwa ogulitsa ndi umene dalaivala amakhala asanazolowere kukula kwa galimoto yake.

Pa mtundu wa inshuwalansi panalibe zokambirana zambiri. Ya third party, imene malamulo a mayiko ambiri amakakamiza (ku Britain lamulo lotere linakhazikitsidwa mu 1930), imalipira anthu ena amene mwawavulaza kapena kuwaonongera katundu, koma siikonza galimoto yanu. Pali ina yapakati imene imaonjezerapo moto ndi kuba. Banki imene yakongoza ndalama siingavomere zimenezi, chifukwa galimotoyo ndi chikole chake. Imafuna comprehensive, ndipo dzina lake limalembedwa m'pangano kuti galimoto ikaonongekeratu, ndalama ziyambe zapita kukatseka ngongole, mwini wake n'kulandira zotsala ngati zilipo.

Mawu akuti "ngati zilipo" ndi amene ananditengera nthawi yaitali kwambiri, ndipo mpaka lero ndimaona kuti apa ndi pamene pali nkhani yeniyeni ya galimoto yatsopano. Mapangano ambiri amalonjeza kulipira mtengo umene galimotoyo ikanagulitsidwa pamsika pa tsiku la ngozi, osati umene munaigulira. Koma galimoto yatsopano imatsika mtengo mofulumira kwambiri m'chaka chake choyamba, pamene ngongole imatsika pang'onopang'ono chifukwa gawo lalikulu la zimene mumabweza m'miyezi yoyambirira limapita ku chiwongola dzanja. Motero pamakhala nyengo imene ngongole imakhala yaikulu kuposa mtengo wa galimoto, ndipo ikabedwa kapena kuphwanyikiratu m'nyengo imeneyo, munthu amatsala akulipira chinthu chimene kulibe. Njira zotsekera mpata umenewu zilipo zingapo. Makampani ena ali ndi ndime yoti galimoto yatsopano ikaonongekeratu m'nyengo yoikika yoyambirira amakugulirani ina yatsopano yofanana nayo, bola mukhale mwini wake woyamba. Ena amalola kuti mugwirizane mtengo wokhazikika kuyambira pachiyambi. Palinso inshuwalansi yapadera yotchedwa gap, imene ntchito yake n'kulipira kusiyana kumeneko. Ine ndinasankha kampani yokhala ndi ndime yoyambayo ngakhale mtengo wake unali wokwererapo. Sindinaigwiritse ntchito, ndipo ndikuthokoza, koma sindiona ngati ndalamayo inapita pachabe.

Mbali ina ya nkhani yomweyi ndi chiyeso chotchula mtengo wochepa wa galimoto kuti ndalama ya pachaka itsike. Mapangano ena ali ndi ndime yoti mukatero, malipiro alionse amachepetsedwanso molingana. Galimoto ikalembetsedwa pa magawo atatu mwa anayi a mtengo wake weniweni, ndiye kuti ngakhale pa ngozi yaing'ono kampani ikhoza kulipira magawo atatu mwa anayi okha a ndalama yokonzera, gawo lotsalalo n'kukhala lanu.

Thandizo loyamba ndinalifuna pamene kamwala kochokera ku tayala la lole kanagunda galasi lakutsogolo. Poyamba panangooneka kachipsera kooneka ngati nyenyezi, kochepa kuposa chikhadabo, koma m'mawa wina kutazizira mng'alu unayenda kuchoka pamenepo mpaka kutsogolo kwa chiongolero, ndipo zoumata zinali zitatha. Apa ndi pamene ndinayamikira kuti galasi linali ndi ndime yakeyake m'pangano, yokhala ndi excess yaing'ono, komanso yosakhudza kuchotsera kumene amapereka kwa munthu amene sanapemphe malipiro chaka chonse. Excess ndi ndalama imene mwini galimoto amayamba walipira yekha pa pempho lililonse, ndipo nthawi zambiri imakhala pawiri: ina yoikidwa ndi kampani, ina yodzisankhira. Kukweza yodzisankhirayo kumatsitsa mtengo wa pachaka, koma ndi nzeru pokhapokha ngati ndalamayo mungaipeze tsiku lililonse popanda kukongola. Chimene anthu ambiri sachiganizira n'chakuti galimoto zambiri zamakono zili ndi kamera kuseri kwa galasi lakutsogolo, imene imathandiza kuona mizere ya msewu ndi kugwira mabuleki mwadzidzidzi. Galasi likasinthidwa, kamerayo imafunika kuichunanso. Ndinaona amisiri akuimika chikwangwani cha madontho ndi mizere patsogolo pa galimoto, pamtunda woyezedwa ndi tepi, ndipo kompyuta inatenga kanthawi ikuwerenga. Kampani inalipira zonsezo mosanyinyirika chifukwa zinalembedwa. Mapangano ena salemba, choncho ndi funso loyenera kulifunsa musanasaine.

Nkhani ya bampala siinayende bwino choncho. Galimoto inagundidwa itaimikidwa, wogundayo n'kuchoka osasiya dzina, ndipo poti panalibe munthu woti kampani ikamulipiritse, excess yonse inagwera ine ndipo pempholo linawerengedwa ngati langa. Zimenezo ndinazivomereza, chifukwa ndi mmene pangano limanenera. Ndinajambula zithunzi pamalo pomwepo, ndinakapereka lipoti kupolisi, ndipo ndinadziwitsa broker tsiku lomwelo, popeza mapangano amaika malire a nthawi yodziwitsira. Woyeza kuonongeka anabwera mwamsanga ndipo anagwira ntchito yake mosamala: anagwada, analowetsa tochi kunsi kwa bampala, napeza kuti chitsulo chamkati chapindika ndipo kachipangizo kamodzi kochenjeza pobwerera m'mbuyo kathyoka, zimene ine sindikanaziona ndi maso.

Vuto linabuka pa funso loti akonze ndani. Kampani ili ndi magalaja ake ovomerezeka, amene imagwirizana nawo mitengo, pamene ine ndinkafuna galaja ya ogulitsa galimotowo, yogwiritsa ntchito zipangizo za fakitale, kuti pasadzakhale mkangano pa chitsimikizo cha opanga galimoto. Pangano langa linkalola zimenezi pa galimoto imene ikadali m'chitsimikizo, koma wogwira ntchito amene ndinayamba kulankhula naye ankaoneka kuti ndimeyo sakuidziwa, moti anafunika kuonetsedwa tsamba lake. Apa broker anaonetsa phindu lake, chifukwa ndi iye amene anaimba mafoni, kulemba makalata ndi kukumbutsa mpaka chilolezo chinatuluka. Ndikudziwa kuti broker amalandira gawo lake kuchokera ku kampani, choncho malangizo ake ayenera kuyesedwa ngati a wamalonda wina aliyense, koma pa tsiku la mkangano ndi bwino kukhala ndi munthu wodziwa chilankhulo cha mapanganowa kumbali yanu.

Chokhumudwitsa chachiwiri chinali galimoto yobwereka. Pangano linkapereka galimoto yoyendera yanga ikakhala ku galaja, koma kwa masiku owerengeka okha, ndipo masikuwo anatha zipangizo zisanafike. Galimoto ikakhala ya mtundu umene wangotuluka kumene, zipangizo zake zimachedwa kupezeka, ndiye malire amene amaoneka okwanira pa pepala amakhala aafupi. Sindinganene kuti kampani inandinyenga, pakuti zonse zinalembedwa poyera, koma ndikuona kuti ndimeyi inakonzedwa moganizira galimoto zimene zipangizo zake zili paliponse. Chinandinyansa kwambiri ndi kusowa kwa uthenga, chifukwa ndinkadziwa kumene ntchito yafika pokhapokha ndikafunsa.

Pa zonsezi palibe pamene kampani inakayikira zimene ndinanena polembetsa, ndipo ndikukhulupirira kuti n'chifukwa choti fomu yoyamba ija tinaidzaza mosabisa kanthu. Mfundo yoti wofuna inshuwalansi ayenera kuulula zoona ndi yakale, ndipo kawirikawiri imalumikizidwa ndi chigamulo cha woweruza wa ku England, Lord Mansfield, pa mlandu wa Carter ndi Boehm mu 1766. Pa galimoto, mfundoyi imakhudza zinthu wamba: amene amayendetsa kawirikawiri ndani, galimoto imagona kuti usiku, imagwira ntchito yanji, ndipo dalaivala anachitapo ngozi ziti. Ndinalembetsa mkazi wanga ngati dalaivala wachiwiri, ndipo ndinanena kuti galimoto idzayendera za pakhomo ndi kupita kuntchito basi. Munthu amene walemba zotere kenaka n'kuyamba kunyamula anthu kapena katundu molipiritsa amakhala akuyenda ndi pepala limene kampani ikhoza kulikana pa tsiku la ngozi. Chimodzimodzinso kholo limene limadzilemba ngati dalaivala wamkulu pamene galimotoyo imayenda ndi mwana wake tsiku ndi tsiku. Kampani yanga inafunanso kuti muikidwe kachipangizo kolondolera galimoto ikabedwa, ndipo ndime yake imanena kuti kayenera kukhala kakugwira ntchito nthawi zonse, kotero ndalama yake ya pamwezi ndimaiwerengera pamodzi ndi ya inshuwalansi.

Za maulendo a kunja kwa dziko ndingonena mwachidule kuti chitetezo chimakhala ndi malire a dera, ndipo third party ya kwanu nthawi zambiri siigwira ntchito yokha mukaoloka malire. Pali makonzedwe a zigawo monga Green Card ya ku Ulaya ndi Yellow Card ya COMESA, koma amenewa amateteza anthu ena, osati galimoto yanu, choncho pafunika kufunsa kampani musananyamuke.

Kalata yokonzanso pangano yafika tsopano, ndipo mtengo wakwera ngakhale galimoto yatsika mtengo. Chifukwa china ndi pempho la bampala lija, limene landichotsera mwayi wa kuchotseredwa; china ndi chakuti gawo lalikulu la zimene kampani imalipira ndi ntchito yokonza, imene siitsika chifukwa choti galimoto yakalamba ndi chaka chimodzi. Ndime yogulira galimoto ina yatsopano ikutha pamodzi ndi panganoli, ndipo nditayerekeza ngongole yotsala ndi mtengo wa pamsika wa lero ndapeza kuti mpata ukadalipo, ngakhale wachepa. Ndauza broker kuti ndikhalabe ndi kampani yomweyi ngati ivomera kuonjezera masiku a galimoto yobwereka ndi kusunga ndime ya galaja ya ogulitsa mpaka chitsimikizo cha opanga chitatha, ndipo ndamupempha kuti andifufuzire gap ya chaka chikubwerachi. Ikakana za galajayo ndisamuka, ngakhale kwinako mtengo utakhala wokwererapo.