Buku Lopatulika kapena Buku Loyera: liti loyenera kalasi yophunzira za tchimo ndi nsembe ya Khristu?

Aphunzitsi a kalasi, akulu a mpingo ndi amayi a Mvano akalowa m'sitolo ya mabuku achikhristu muno mu Blantyre, kaya ku CLAIM kaya ku Bible Society of Malawi, ambiri amakhala atanyamula ndalama ya Baibulo limodzi basi. Pa shelefu pali awiri odziwika: Buku Lopatulika, lomwe linatuluka lathunthu mu 1922 ntchito yake itatsogoleredwa ndi William Murray wa mishoni ya Nkhoma, ndi Buku Loyera la mu 1998, lomwe Akatolika ndi Apulotesitanti anamasulira limodzi. Tawayesa onse awiri pa ntchito imodzi yokha: kuphunzitsa munthu kuti tchimo n'chiyani, limachotsedwa bwanji, ndipo wochimwa amafika bwanji kwa Mulungu.

Kunena mosazungulira: wongoyamba kumene mugulireni Buku Loyera, koma mphunzitsi asaime kutsogolo kwa kalasi wopanda Buku Lopatulika. Chifukwa chake chagona pa mawu anayi kapena asanu.

Oyamba ndi "chotetezera". Pa Aroma 3:25 Buku Lopatulika limati Mulungu anamuika Yesu poyera "akhale chotetezera". Mawu amenewa ndi chuma. Mukabwerera ku Eksodo 25 mupeza kuti chivindikiro chagolide cha likasa la chipangano chikutchedwa "chotetezerapo", ndipo pa Ahebri 9:5 dzina ndi lomwelo. Mu Chigiriki, pa Aroma 3:25 ndi pa Ahebri 9:5 pali liwu limodzi, hilasterion. Ndiye omasulira akalewo anasunga chingwe chimene chimamanga Levitiko ndi mtanda: pamene mkulu wa ansembe ankawazapo mwazi, pamenepo tsopano ndi Khristu mwini. Mphunzitsi wogwira Buku Lopatulika angathe kuonetsa zimenezi ndi chala, tsamba ili ndi tsamba ilo, osasowa buku lina.

Vuto ndi khutu la lero. Mnyamata wa ku Ndirande akamva "kuteteza" amaganiza za alonda, mpanda wa njerwa, katemera, mwinanso mankhwala otsirikira nyumba. Akangowerenga yekha, amatuluka ndi chiphunzitso chakuti mwazi wa Yesu ndi chitetezo ku mfiti, ku ngozi ya minibasi ndi ku mbava. N'chifukwa chake mumamva anthu akuphimba galimoto ndi katundu wa pa msika ndi mwaziwo, koma za tchimo lawo osatchulako. Paulo pa ndimeyi sakunena za adani a kunja ayi. Akunena za mlandu umene munthu ali nawo pamaso pa Mulungu wolungama, mlandu umene wautchula kale pa vesi 23: "onse anachimwa, naperewera pa ulemerero wa Mulungu". Mphunzitsi akapanda kumasula liwuli, kalasi yonse imakhota pomwepa.

Buku Loyera linapewa dzenje limeneli poyankhula za nsembe yopepesera machimo. Aliyense amadziwa kupepesa: pali wolakwa, pali wolakwiridwa, ndipo nkhani siitha pokhapokha china chake chitachitika. Apa lapambana ndithu. Koma nalonso lili ndi poterera pake. Kumudzi mvula ikakana kapena matenda akavuta, anthu ndiwo ankanyamula ufa ndi mowa kukapepesa mizimu ku kachisi, ndipo mwini nsembe anali munthu. Wophunzira akabweretsa chithunzi chimenechi m'kalasi, amayamba kuona ngati kusala kudya, chakhumi ndi kugona kuphiri ndi ufa wake wopepesera Mulungu. Mankhwala ake ndi Levitiko 17:11, pamene Mulungu akunena kuti ndi Iye amene wapereka mwaziwo pa guwa, ndi Genesis 22:8, pamene Abrahamu akuuza Isake kuti Mulungu adzadzifunira yekha mwanawankhosa. Wolakwiridwa ndiye wabweretsa nsembe. Mfundo imeneyi muzibwereza mpaka ilowe, chifukwa pa bwalo la amfumu sizichitika choncho, ndipo mutu wa munthu umafuna kuitembenuza.

Mawu ena awiri a m'Buku Lopatulika anasintha tanthauzo m'kamwa mwa anthu. "Mphotho yake ya uchimo ndi imfa" pa Aroma 6:23: lero mphotho ndi ya wopambana mpikisano, pamene Paulo akunena malipiro, zimene waganyu amalandira madzulo atamaliza ndime. Mukatero ndiye theka lachiwiri la vesilo limamveka mphamvu yake, poti imfa taigwirira ntchito koma moyo wosatha ndi mphatso yaulere. Pa Ahebri 9:22 palinso "kumasuka", liwu limene lero timauza mlendo tikafuna akhale ngati kwawo. Pamenepo likutanthauza kukhululukidwa. Buku Loyera m'malo otere silivutitsa, mwana wa Sitandade 6 amawerenga n'kumva. Limati magazi pamene lakale limati mwazi, ndipo limati Chauta pamene lakale limati Yehova. Akuluakulu ena dzina lakuti Chauta sanalizolowerebe, choncho ngati mukugulira agogo, yambani mwawafunsa.

Tsopano kagwiritsidwe kake. Phunziro la nsembe limayenda bwino likagawidwa masabata anayi, Mabaibulo onse awiri ali otsegula patebulo, wina awerenge lakale, wina latsopano.

Sabata yoyamba khalani pa Levitiko 16 ndipo musathamange. Kamodzi pa chaka, tsiku lakhumi la mwezi wachisanu ndi chiwiri, Aroni, mkulu wa ansembe, ankavula zovala zake zaulemerero n'kuvala zabafuta. Ankayamba wapha ng'ombe yamphongo chifukwa cha machimo ake ndi a banja lake, poti naye anali wochimwa. Kenako mbuzi ziwiri, maere n'kugwa. Imodzi inkaphedwa, magazi ake n'kulowa nawo kuseri kwa nsalu yotchinga, n'kuwaza ndi chala kasanu ndi kawiri. Inayo ankaisanjika manja onse awiri pamutu, n'kuulula zolakwa zonse za Aisraele, munthu n'kuiperekeza kuchipululu osabwerera nayo. Mbuzi ziwirizi zikunena zinthu ziwiri: mlandu walipidwa, ndiponso tchimo lachotsedwa pakati pa anthu. Pa mutu umenewu Buku Loyera ndi labwino kwambiri powerenga mokweza, chifukwa ziganizo zake n'zazifupi ndipo womvera amatsata zochitika bwinobwino.

Sabata yachiwiri, Yesaya 53 ndi Yohane 1:29. Yachitatu, Aroma 3:21 mpaka 26 pamodzi ndi Ahebri 9 ndi 10, pamene akunena kuti magazi a ng'ombe ndi mbuzi sangachotse machimo, ndipo kubwereza kwake chaka ndi chaka ndiwo umboni, koma Khristu analowa kamodzi kokha. Apa Buku Lopatulika litsogole.

Sabata yachinayi ndi imene ambiri amaiphonya. Amafika pa chikhulupiriro n'kuchisandutsa ntchito ina, ngati kuti Mulungu amayeza mphamvu ya kufuula kapena kutalika kwa pemphero. Werengani Marko 15:38, pamene nsalu ya m'Kachisi inang'ambika kuchokera kumwamba kufika pansi, kenako Ahebri 10:19 mpaka 22, ndipo mutsirize ndi Luka 18, wamsonkho uja ataima patali akudziguguda pachifuwa: "Mulungu, mundichitire chifundo, ine wochimwa." Liwu lachigiriki limene wamsonkhoyo anagwiritsa ntchito ndi la mtundu umodzi ndi hilasterion uja. Sanabwere ndi kanthu m'manja, anangopempha kuti nsembe imuwerengere, ndipo Yesu akuti ndiye anatsikira kwawo woyesedwa wolungama. Kukhulupirira ndi kutsamira pa zimene Wina anachita. Pa mfundo iyi Mabaibulo onse awiri akugwirizana, ndipo n'zothandiza ophunzira akaona ndi maso awo kuti kusiyana kwa mawu sikunasinthe uthenga.

Za buku lenilenilo musanapereke ndalama. Buku Lopatulika limapezeka m'kalembedwe kawiri. Makope akale amalemba "cimo" ndi "cikhulupiriro", opanda h pambuyo pa c, ndipo ana a sukulu amapunthwa pa mzere uliwonse. Atsopano anakonza kalembedwe. Tsegulani Aroma 3 muone nokha. Buku Loyera nalo lili pawiri: la mabuku 66, ndi lina lokhala ndi mabuku owonjezera amene Akatolika amawerenga, monga Tobiti ndi Amakabeo. Yang'anani mndandanda wa mabuku kumayambiriro kuti musabwerere nalo. Dziwaninso kuti limalemba ŵ wachipewa ndipo limakonda "adapita" m'malo mwa "anapita", zomwe sizichedwa kuzolowereka.

Kenako litseguleni pakati, pa Masalimo, muyang'ane pamene masamba alumikizana. Mukaona ulusi ndiye kuti n'losokedwa, ndipo lidzapirira. Lomatidwa ndi guluu yekha limayamba kuthothoka pamalo amene mumatsegula kawirikawiri, ndipo kwa mphunzitsi wa kalasi malo amenewo ndi Aroma ndi Ahebri. Pitani pa masamba mwachangu ndi chala chachikulu kuona ngati manambala akutsatana, makamaka mukagula logwiritsidwa kale ntchito kwa mavenda ku Limbe, poti masamba omaliza a Chivumbulutso ndi oyamba a Genesis ndiwo amasowa. Kwa amene maso ayamba kuvuta funsani la zilembo zazikulu, ngakhale ndi lolemera m'chikwama.

Pepala la Baibulo ndi lopyapyala. Bolopeni imaboola ndipo inki imadutsira tsidya lina, choncho lembani mzere ndi pensulo. Chikuto cha zipi n'chofunika kwa aliyense woyenda pansi kupita ku milaga nthawi ya dzinja. Likanyowa musaliyanike padzuwa, masamba amapindika ndipo guluu amauma n'kusweka. Ikani mapepala ouma pakati pa masamba onyowawo, mutsindike ndi chinthu cholemera, muzisintha mapepalawo mpaka liume. M'miyezi ya chiperoni, June ndi July, musaligoneke pa simenti kapena kuligunditsa kukhoma, limachita nkhungu, ndipo mphemvu zimakonda guluu wa kumsana.

Mabaibulo onse awiriwa aliponso pa foni, ndipo n'kosavuta kuika vesi limodzi m'mamasulidwe awiri n'kufananitsa. Pokonzekera phunziro kunyumba zimathandiza. M'kalasi foni imaperewera, chifukwa phunziro ili limafuna chala chimodzi chigwire Levitiko 16, china chigwire Ahebri 9, maso aziyenda uku ndi uku. Mpingo umene ungakwanitse ugule makope angapo a Buku Loyera oti ophunzira azigwirizana awiriawiri, ndi Buku Lopatulika limodzi la kalembedwe katsopano, losokedwa ndi ulusi, likhale la mphunzitsi.