Opaleshoni ya PAO pa chiuno cha dysplasia: zimene zimaoneka pakatha chaka ndi kupitirira

X-ray ya tsiku lotsatira opaleshoni ya PAO (periacetabular osteotomy, yodula fupa mozungulira mphako ya m'chiuno n'kuitembenuza) nthawi zambiri imaoneka bwino, koma chithunzi chimenecho sichinena zambiri. Ngati ntchito yagwira kapena ayi, zimadziwika pang'onopang'ono, pa masabata 6, pa miyezi 3, pa chaka, ndipo zina pakatha zaka 20.

Vuto la dysplasia ndi lakuti mphako ya fupa la m'chiuno, momwe mumakhala mutu wa fupa la ntchafu, imakhala yosaya, ngati chivundikiro chaching'ono pa mphika waukulu. Kulemera kwa thupi kumatsamira m'mphepete mokha, kamnofu kolimba kozungulira mphako kotchedwa labrum kamang'ambika, ndipo chicherewecherewe chimayamba kutha munthu akadali wachinyamata. Madokotala amayeza kona ya Wiberg pa X-ray, yomwe imasonyeza mmene mphako yavundikirira mutu wa fupa. Madigiri 25 mpaka 40 ndiye kuti zili bwino, pansi pa 20 ndi dysplasia, ndipo 20 mpaka 25 ndi pamalire pomwe akatswiri amatsutsanapo mpaka lero.

Njira ya PAO anaiyambitsa ndi Reinhold Ganz ndi anzake ku Bern, ku Switzerland, mu 1984, ndipo anaifalitsa mu 1988. Fupa la ischium (lokhalira) amalidula mosamaliza, la pubis (lakutsogolo) amalidula lonse, la ilium (lakumtunda) amalidula pamwamba pa mphako, kenako amatsika kumbuyo kwa mphako kukakumana ndi podula poyamba paja. Mphako ikamasuka amaitembenuza kuti ivundikire bwino mutu wa fupa, n'kuimanga ndi masikuluwu atatu kapena anayi. Nzeru yake yagona pa kusiya mzati wakumbuyo wa fupa la m'chiuno uli wathunthu. N'chifukwa chake wodwala safunika pulasitala, ndipo njira yobadwira mwana siisintha kwenikweni, moti amayi ambiri amabereka bwinobwino pambuyo pake. Imachitika kwa amene fupa lawo la m'chiuno linamaliza kukula. Ana aang'ono ali ndi njira zawo, monga ya Salter, ya Pemberton ndi ya Dega.

Masabata 6 mpaka 8 oyambirira ndi a ndodo ziwiri. Phazi limangogunda pansi, kulemera kosapitirira makilogalamu 15 kapena 20, ndipo sikelo ya kubafa imathandiza wodwala kudziwa kuti kulemera kumeneko ndi kotani. Kukweza mwendo wowongoka uli chigonere n'koletsedwa, chifukwa minofu yopinda chiuno imakoka pafupi ndi podulidwa. Ambiri amalakwa pa sabata yachinayi: ululu wachepa, munthu akuona ngati wachira, n'kuponda ndi mphamvu zonse. Masikuluwu sapangidwa kuti anyamule thupi. Ntchito yawo ndi kugwirizira fupa mpaka litalumikizana, ndipo akapindika, mphako imasuntha pamalo pomwe anaiika.

Chodandaula chofala kwambiri m'miyezi yoyamba ndi dzanzi la kunja kwa ntchafu. Mtsempha wa lateral femoral cutaneous umadutsa pafupi ndi pocheka, ndiye umakokedwa. Sufooketsa mwendo, koma khungu limakhala ngati si lako, mwina kuyaka, ndipo buluku likakhudza pamanyerenyetsa. Kwa ambiri limachepa pakatha miyezi, kwa ena kachigawo kamatsala mpaka kale. Wodwala ayenera kuuzidwa zimenezi asanalowe kuthiyeta, osati adzazimve atayamba kale kuchita mantha. Kuvulala kwa mtsempha wa sciatic n'kosowa koma n'koopsa, chifukwa phazi limatha kulendewera.

Pa miyezi 3, ilium imakhala italumikizana mwa anthu ambiri. Pubis ndi imene imachedwa, makamaka ngati mphako inatembenuzidwa kwambiri moti mbali ziwiri zodulidwa zinatalikirana. Nthawi zina silumikizana n'komwe, koma ngati sipakupweteka, madokotala amangopasiya. Fodya amachedwetsa fupa kulumikizana, choncho wosuta ayenera kusiya opaleshoni isanachitike. Ululu watsopano pansi pa thako kapena m'mphechepeche munthu atangosiya ndodo usanyalanyazidwe. Kawirikawiri ndi mng'alu wa fupa la pansi lomwe layamba kunyamula katundu amene silinazolowere, ndipo mankhwala ake ndi kubwerera pa ndodo kwa masabata angapo.

Kutsimphina kumatenga nthawi kuposa mmene anthu amayembekezera. Minofu ya m'mbali mwa thako imakhala itafooka zaka zambiri opaleshoni isanachitike, ndipo siibwerera ndi kuyenda kokha. Pamafunika mafizo osadumphadumpha: njinga yosayenda, kuyenda m'madzi, kuimirira mwendo umodzi patsogolo pa galasi kuti uone ngati chiuno chikupendekeka. Kuthamanga kumabwera pa miyezi 6 kapena kuposerapo. Mitu ya masikuluwu imakhala pamwamba pa fupa, pomwe pamadutsa lamba, ndipo kwa anthu ochepa thupi imalasa. Kuwachotsa ndi opaleshoni yaing'ono fupa likalimba.

Koma chimene chimaononga zotsatira mwakachetechete ndi kutembenuza mphako mopitirira. Dokotala akafuna kuvundikira kwambiri kutsogolo, khosi la fupa la ntchafu limayamba kugunda m'mphepete mwa mphako munthu akakhala pampando wotsika kapena akanjuta. Wachotsa vuto lina, waika lina. Zimenezi sizioneka m'masabata a ndodo, zimatulukira munthu akayamba kupinda mwendo mokwanira. N'chifukwa chake akatswiri amayesa kupinda ndi kupotoza mwendo wodwala akadali pa tebulo, masikuluwu omaliza asanalowe, ndipo ngati khosi la fupa lili ndi chotupa amalisema pomwepo. Kulakwa kwina ndi kusoka labrum ndi kamera n'kusiya mphako yosaya momwemo. Chomwe chinaing'amba chikadalipo, ndiye ing'ambikanso, ndipo chiuno chikhoza kugwedera kuposa kale.

Nanga imakhala zaka zingati? Gulu la ku Bern linatsatira ziuno 75 zoyambirira. Lipoti la mu 2008 linasonyeza kuti pafupifupi 60 pa 100 zinali zisanasinthidwe ndi chiuno chachitsulo patatha zaka 20. La mu 2017 linapeza kuti patatha zaka 30, 29 pa 100 zokha ndi zimene zinali bwino, zopanda nyamakazi yowonjezereka. Tikumbukire kuti awa anali odwala oyamba, ena mwa iwo lero sakanasankhidwa n'komwe. Amene zinawakanika msanga anali achikulirepo komanso amene nyamakazi inali itawalowa kale. Ife tikuona kuti apa ndi pamene chigamulo chiyenera kutsamira: kwa wazaka 20 kapena 30 amene chicherewecherewe chake chikadali chabwino ndipo mutu wa fupa ukukwana bwino mu mphako, PAO ndi yoyenera miyezi yovutayi. Kwa amene mpata wa pakati pa mafupa wachepa kale pa X-ray, kumudula fupa m'malo anayi ndi kumuzunza chabe, bola kukambirana za chiuno chachitsulo.

Amene anachitidwa PAO apitirize kujambulitsa X-ray ataimirira ngakhale palibe ululu, ndipo chiuno chinacho achiyezetsenso, chifukwa dysplasia imakonda kugwira mbali zonse ziwiri.