Kachipangizo kowerenga manja patatha miyezi ndikukagwiritsa ntchito

Mnzanga wina akufuna kugula kachipangizo koyendetsera kompyuta ndi manja m'malere, osakhudza mausi, ndiye wandifunsa ngati kanga kakugwirabe ntchito. Kakugwira, koma masiku ambiri kamangokhala patebulo.

Kutembenuza chithunzi cha 3D ndi dzanja kumasangalatsa. Kusintha masamba pofotokoza zinthu pamsonkhano kumayenda bwino. Manja akada ndimaimitsa vidiyo osadetsa kiyibodi, ndipo apa ndimamvetsa chifukwa chake madokotala ena amakonda njira imeneyi poona zithunzi za wodwala ali mkati mwa opaleshoni.

Chomwe chanditopetsa ndi dzuwa. Kachipangizoka kamaona ndi timakamera tiwiri komanso timagetsi ta infrared, kuwala komwe maso athu saona. Tsono dzuwa nalo lili ndi infrared wochuluka, moti likangolowa pawindo kamachita khungu. Dzanja la pasikirini limayamba kunjenjemera, zala zisanu n'kusanduka zitatu, kenaka zii, lasowa. Iwe uli pomwepo mkono uli m'mwamba, ukubayibitsa kompyuta yosakuona. Usiku kamamvera bwinobwino, ine n'kukhululuka, mawa masana ayi ndithu zomwe zija. Onjezanipo kutopa: ndi mausi dzanja limapuma patebulo, pomwe apa phewa limayamba kuwawa ntchito isanafike pena paliponse.

Anthu akhala akulonjeza kuti mausi yatha. Microsoft inatulutsa Kinect, kamera yowerenga mayendedwe a thupi, mu 2010 n'kusiya kuipanga mu 2017. Kampani ya Leap Motion inabwera mwaphokoso ndi kachipangizo kake kowerenga manja mu 2013 pamtengo wa madola pafupifupi 80, ndipo mu 2019 kampaniyo inagulidwa ndi inzake yotchedwa Ultrahaptics. Google inaika radar ya Soli, yozindikira kuyenda kwa dzanja, mu foni ya Pixel 4 chaka chomwecho, koma mu Pixel 5 simunapezekenso. Komwe ndikuona nzeru ndi ku zipangizo zovala kumaso ngati Vision Pro ya Apple ya mu 2024: maso ndiwo amaloza, zala zimangotsinana dzanja lili pamwendo. Kwa ine tsogolo la lusoli lili komwe kulibe tebulo kapena komwe kukhudza n'koletsedwa. Pa desiki mausi sichoka msanga.

Nditadandaula kwa wondigulitsa, anandiuza kuti ndipukute galasi ndi kutseka makatani. Nditaumirira, anati nthawi yobweza katundu inadutsa, ndipo popeza kamayaka, sikanawonongeke. Pogulitsa paja za dzuwa sanatchuleko n'komwe. Tsiku lomwe kamvera ndimati ndalama sinapite pachabe. Tsiku la dzuwa ndimawerengera mausi zabwino zomwe ndikanagula ndi ndalama yomweyo. Mnzangayo ndamuuza kuti akagula, ayambe wagwirizana ndi wogulitsa za kubweza, zolembedwa, ndipo akayese masana pafupi ndi windo. Apo ayi, ndimugulitse kanga pa theka la mtengo.