PET, CT kapena bronchoscopy: zimene tinaona amayi atayamba kubanika

Anzanga a kuno ku Johannesburg mwakhala mukundifunsa mmene madokotala anapezera chimene chinkabanikitsa amayi anga, ndiye ndilembe kamodzi. Amayi ali ndi khansa ya m'mapapo ndipo amalandira pembrolizumab masabata 3 alionse, mankhwala a immunotherapy, kutanthauza othandiza chitetezo cha m'thupi kulimbana ndi khansa. Atalandira kachinayi anayamba chifuwa chouma, ndipo ngakhale popita kubafa ankafika ali wefuwefu atagwira khoma. CT, makina ojambula m'kati mwa thupi, inaonetsa ngati chifunga m'mapapo onse awiri. Adokotala anati mwina khansa yakula, mwina ndi TB, mwinanso mankhwalawo adzutsa chitetezo cha m'thupi mpaka chayamba kutupitsa mapapo, vuto limene amalitcha pneumonitis.

Kubwereza CT n'kotchipirapo. Pa immunotherapy chotupa chimatha kuoneka ngati chakula chisanayambe kuphwa, ndiye madokotala amajambulanso pakatha masabata 4 mpaka 8. Kwa wodwala amene akupuma bwino njirayi ndi yabwino. Amayi sakanadikira.

PET, njira inanso yojambula m'kati mwa thupi, ndi imene inandiwawa, ndipo ndinaikakamira ndine, poganiza kuti chodula ndiye chimanena zoona. Amayi anakhala maola 6 osadya, anawabaya shuga wapadera amene amawala pa chithunzi, n'kuwagoneka phee pafupifupi ola lathunthu. Palibe anandifotokozera kuti shugayo amaunjikana paliponse pamene maselo akugwira ntchito kwambiri. Khansa imawala, TB imawala, kutupa nakonso kumawala. Lipoti linabwera ndi zinthu zitatu zomwe zija. Patapita masiku kunabweranso bilu ina ya dokotala wowerenga zithunzi, imene sinatchulidwe pamene ndinkalipira. Ndalama zimenezo zinali zachipeleganyu cha miyezi ingapo. PET imathandiza pofufuza kumene khansa yafalikira, koma funso lathu silinali limenelo.

Bronchoscopy ndinkaiopa chifukwa amalowetsa kapaipi mpaka m'mapapo. Anawapatsa mankhwala owodzeretsa, anatsuka mbali ina ya mapapo ndi timadzi, n'kukatiyeza. TB sinapezeke, tizilombo tina ayi, maselo a khansa ayinso. Apa m'pamene adokotala anaimitsa pembrolizumab n'kuyamba prednisolone, mankhwala ochepetsa kutupa kwa pneumonitis kuja, amene amachepetsedwa pang'onopang'ono kwa masabata 4 mpaka 6. Kwa ife ochokera kumene TB ndi yofala kuyezaku n'kofunika, chifukwa prednisolone akapatsidwa munthu wa TB matendawo amakula.

Amayi anamva kukhosi kuwawa masiku awiri. Sabata yachiwiri anayenda okha mpaka pageti. Wodwala wanu akayamba kubanika, imbirani adokotala ake tsiku lomwelo, ndipo muwafunse za bronchoscopy musanatulutse ndalama za PET.