Screen, minicom, picocom kapena PuTTY: pa chingwe cha serial tigwiritse iti?

Ngati muli ndi kompyuta yakale yopanda monita, kapena kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi kongokhala pashelefu, musavutike kusaka sikirini m'mashopu a ku Old Town. Chingwe cha serial, cholumikiza makina awiri mwachindunji kuti muzilemba malamulo, ndi laputopu zakwana. Ambirife muno mu Lilongwe timathamangira SSH, njira yolowera m'kompyuta ina uli patali, ndipo si yoipa, koma imadalira netiweki. Magetsi akathima rauta n'kuzima, kapena mukasokoneza nokha IP, SSH imakusiyani panja. Serial siyifuna IP ndipo siyidya bandulo. Bola makina awiriwo ali ndi moto, ngakhale wa batire, mumalowa.

Tisanafike pa mapulogalamu, chenjerani ndi chingwe. Chokhala ndi mutu wa mapini 9, cha RS-232, magetsi ake amatha kufika 15V, pamene mapini a Raspberry Pi amafuna 3.3V basi. Mukalumikiza mwachindunji, ka Pi mwakaotcha. Ka Pi kamafuna adaputa ya USB yotulutsa 3.3V, ndipo mawaya ndi atatu: pini 6 ndi GND (ground), pini 8 ndi yotumiza, pini 10 ndi yolandira. Waya wotumiza wa uku apite kolandira kwa uko. Makompyuta awiri a mapini 9 amafuna chingwe cha null modem, chomwe pini 2 ndi 3 n'zopingasa kale. Ma adaputa a FTDI, CH340 ndi CP2102 Linux imawazindikira yokha, amaoneka ngati /dev/ttyUSB0. Ikakukanizani kutsegula pa Debian kapena Ubuntu, dzina lanu silili m'gulu la dialout. Liikenimo, mutuluke, mulowenso.

Tiyambe ndi screen, yomwe yakhalapo kuyambira 1987. Mzere umodzi, screen /dev/ttyUSB0 115200 (nambalayo ndi liwiro), mwalowa. Pa Mac imabwera ili momwemo, n'chifukwa chake ambiri amayambira pamenepa. Ubwino wake waukulu ndi woti mutha kuchoka ndi Ctrl-A kenako d, ntchito n'kumapitirira, n'kudzabwerera ndi screen -r. Koma ubwino womwewo ndi umene umapusitsa anthu. Mukangotseka windo, screen siyifa, imakhalabe yagwira chingwe kumbuyo. Mawa lake mukatsegula ina, mwina ikukanani, mwina zilembo zizibwera zodukaduka poti mapulogalamu awiri akulimbirana chingwe chimodzi, inu n'kumaganiza kuti adaputa yawonongeka. Kutuluka kwenikweni ndi Ctrl-A kenako k, n'kuvomera ndi y.

Minicom ndi ya m'nthawi ya ma modem oyimba pafoni, ndipo zimaonekeratu. Ili ndi ma menyu, mumaikonza ndi minicom -s n'kusunga zimene mwasankha, ndipo Ctrl-A kenako Z imakuonetsani malamulo onse. Amene sakonda kuloweza zinthu pamtima amaikonda. Ine imanditopetsa pa zinthu ziwiri. Choyamba, makamaka ya mtundu wakale imabwera Hardware Flow Control (yodikira chilolezo pa mawaya ena isanatumize) ili pa Yes, ndiye pa chingwe cha mawaya atatu mumaona zotuluka bwinobwino koma zimene mukulemba sizipita. Munthu n'kutha madzulo onse akusinthasintha mawaya, chonsecho vuto ndi liwu limodzi lofunika likhale No. Chachiwiri, minicom imamasulira yokha zizindikiro za sikirini, ikudziyesa VT102 kapena ANSI, ndiye mapulogalamu ojambula mizere ndi mabokosi, monga mc yoonera mafayilo, nthawi zina amaoneka opindika. Pamene imandisangalatsa ndi potumiza mafayilo. Mukaika pulogalamu ya lrzsz mbali zonse ziwiri, fayilo imadutsa pachingwe chomwecho ndi njira ya ZMODEM, mongosankha pa menyu.

Picocom ndi kamwana pa onsewa, ndipo ndi kamene ndimauza anzanga kuti aike. Mumalemba picocom -b 115200 /dev/ttyUSB0, iko n'kukuonetsani kaye liwiro, flow control ndi zina zonse zimene kakugwiritsa ntchito, kenako mawu akuti Terminal ready. Palibe chobisika. Flow control imakhala yozimitsa kale, ndipo sikamasulira kanthu, kamangopatsira zonse ku terminal ya laputopu yanu, ndiye mitundu ya htop (yoonetsa zimene makina akuchita) ndi mabokosi a mc zimatuluka monga ziyenera kukhalira. Kutuluka ndi Ctrl-A kenako Ctrl-X, chingwe n'kumasuka nthawi yomweyo. Chimene kalibe ndi chija cha screen, chochoka n'kudzabwerera. Ngati mukuchifuna, yatsani tmux, pulogalamu yofanana ndi screen, pa makina a kutsidya.

Atatu onsewa ali ndi khalidwe limodzi lonyansa: alanda Ctrl-A. Chonsecho mu bash (molembera malamulo) ndi mu nano (molembera mafayilo), Ctrl-A ndi imene imakubwezani koyambirira kwa mzere. Mu picocom onjezani -e b poyatsa, malamulo ake asamukire ku Ctrl-B. Koma ngati kutsidya kuli tmux, sankhani chilembo china, chifukwa nayo imakhala pa Ctrl-B pomwepo.

A Windows, inu nkhani yanu ndi yaifupi. PuTTY, ya Simon Tatham, ndi yaulere. Onani nambala ya COM ya adaputa yanu mu Device Manager, sankhani Serial, lembani liwiro, ndipo flow control muichotse pa XON/XOFF muiike pa None.

Tsono liwiro, chifukwa apa ndi pamene pamaoneka ngati mapulogalamu a zilembo zokhazokha mungakhale nawo tsiku lonse kapena ayi. Pa 8N1, katumizidwe kozolowereka ka serial, chilembo chimodzi chimadya ma bit 10. Ndiye pa 9600 mumalandira zilembo 960 pa sekondi, ndipo sikirini ya mizere 24 ya zilembo 80 ili ndi malo 1,920. Imeneyo ndi masekondi awiri kuti idzaze, mukuonerera mzere uliwonse ukutsika ngati magalimoto pa mlatho wa Lilongwe anthu akamaweruka. Kulemba mu nano kapena vi sikuvuta, poti zimasintha ndi zilembo zochepa. Kuwerenga makalata mu mutt n'kopiririka. Koma Lynx, yowerengera masamba a intaneti, yomwe imajambulanso tsamba lonse mukatembenuza, ndi htop yomwe siyikhazikika, zimafuna mtima wautali. Pa 115200, liwiro limene ka Pi kamabwera nalo, ndi zilembo 11,520 pa sekondi, ndipo kudikirako simukumvanso. Mukaona zizindikiro zopanda mutu m'malo mwa mawu, musafulumire kuimba mlandu chingwe: kawirikawiri mbali ziwirizo zasiyana liwiro.

Ena amalakalaka terminal yeniyeni, ngati VT100 imene kampani ya DEC inatulutsa mu 1978. Ndi yokongola, sindikana, koma imathera pa 19,200, ilibe mitundu, ndipo sikirini yake ya chubu imafuna magetsi a pakhoma. Laputopu yakale yokhala ndi batire yamoyo imaiposa kutali m'nyumba za kuno.

Pulogalamu iliyonse imene mungasankhe, serial siyiuza makina a kutsidya kukula kwa windo lanu monga imachitira SSH. N'chifukwa chake nano imadzipanikiza pakona, theka la sikirini lili mbee. Werengani mizere ya windo lanu ndi stty size pa laputopu musanalowe, ndipo mukalowa lembani manambala omwewo, mwachitsanzo stty rows 40 cols 120, musanatsegule china chilichonse.