Viniga, citric acid, soda kapena jiki: chotsukira makina akale ochapira zovala ndi chiti?

Makina ochapira a zaka 40 kapena 60, monga a Maytag ofinya zovala ndi marola aja, omwe kampaniyo inasiya kupanga mu 1983, kapena Hoovermatic wa migolo iwiri amene anatuluka mu 1957, anapangidwa molimba kwambiri. Chimodzi mwa zimene zimawawononga msanga ndi mankhwala olakwika amene mwini wake wathiramo pofuna kuwayeretsa. Mankhwala anayi amene anthu amakangana nawo sagwira ntchito imodzi, ndipo musanasankhe muyenera kudziwa zinthu ziwiri: litsiro lake ndi lotani, ndipo mgolowo anapangira chiyani.

Yambani ndi maginito. Akakakamira mwamphamvu, nthawi zambiri mgolowo ndi wachitsulo chokutidwa ndi enamelo. Akapanda kugwira, yang'anani mtundu: wotuwa, wosawala, wokandika mosavuta ndi aluminiyamu, ngati mmene inalili migolo yambiri ya Maytag, pomwe wonyezimira ndi chitsulo chosachita dzimbiri. Kenako palani litsirolo ndi chikhadabo. Loyera, lolimba, lofumbutuka ngati choko ndi laimu wochokera m'madzi, ndipo limasungunuka ndi asidi. Lotuwa, loterera, lonunkha ndi sopo wosakanikirana ndi mafuta a m'thupi, ndipo asidi salitha bwino, limafuna soda. Madontho akuda pa labala ndi chuku.

Pa laimu, mpikisano uli pakati pa viniga ndi citric acid (asidi wofanana ndi wa m'mandimu), ndipo ife tikuima ndi citric acid. Viniga woyera amakhala ndi asidi wokwana 5 peresenti yokha, zotsalazo ndi madzi. Kuti mufike pa mphamvu ya magalamu 100 a citric acid mufunika viniga pafupifupi malita awiri. Ndiye kapu imodzi ya viniga mu mgolo wa malita 40 ndi kungodzisangalatsa, laimu sasuntha. Anthu akaona kuti sizikutheka amayamba kusiya vinigayo usiku wonse, kapena kumuthira pa kuchapa kulikonse, ndipo apa ndi pamene labala wakale wa m'mapaipi, wa m'pampu ndi wotseka pa shafiti amavutika. Ubwino wa viniga uli pa ntchito zazing'ono: kunyika sefa, chivundikiro cha pampu kapena kapaipi kotsekeka m'mbale kwa mphindi 30, kukwecha ndi mswachi, kutsukuluza.

Citric acid ndi ufa, salowa fungo m'zovala, ndipo mumayeza bwinobwino. Sungunulani magalamu 5 mpaka 10 pa lita imodzi ya madzi, madziwo akwane kumiza elementi yotenthetsera ndi mzere wa laimuwo. Madzi akhale a madigiri 50 mpaka 60, osapitirira. Akatentha kwambiri, laimu wosungunukayo amagwirana ndi asidiyo n'kupanga makoko ena oyera ovuta kuchotsa, moti mumakhala mwasinthanitsa vuto ndi vuto. Yendetsani makina opanda zovala kwa mphindi 15, zimitsani, dikirani mphindi 30, tulutsani madzi, tsukuluzani kawiri. Laimu akakhala wochuluka, bwerezani kawiri kapena katatu ndi mlingo womwewo m'malo mowonjezera ufa.

Asidi onse awiri ali ndi malire ofanana. Enamelo yakale imatha kufifia ikakhalitsa mu asidi, ndipo pamene inagamphuka chitsulo chimachita dzimbiri tsiku lomwelo. Pamalo oterowo kwechani ndi sandipepa wosalala, umitsani, pakani guluu wolimba wa epoxy, aume kaye musanatsuke. Pa aluminiyamu gwiritsani ntchito theka la mlingo ndipo musapitirire mphindi 20.

Pali chinthu china chimene chimadzidzimutsa ambiri. Mukachotsa laimu, makina amene sankadontha amayamba kudontha. Asidiyo sanaboole kanthu. Laimu ndi amene ankatseka ming'alu ya labala wotha kale. Choncho yalani makatoni pansi, chotsani chitseko chakumbuyo, ndipo makinawo akamayenda yang'anani ndi tochi, manja ali kutali, kuti muone dontho loyamba likuchokera pati.

Tibwere ku litsiro loterera lija. Apa soda wochapira, amene dzina lake lina ndi sodium carbonate, alibe mnzake. Magalamu 100 mpaka 200 m'madzi a madigiri 60 amasungunula mafuta amene amabisala pansi pa chopalasa zovala chapakati chija. Komatu chopalasacho chizuleni kaye. Pansi pake mupeza phala lakuda losakanikirana ndi ulusi, mabatani ndi mapini, ndipo palibe mankhwala amene angachotse zimenezo popanda dzanja ndi burashi. Chikakana kuzuka, thirani madzi otentha pamutu pake, gwedezani pang'onopang'ono mukukokera m'mwamba. Osachikakamiza ndi chitsulo: zambiri ndi za pulasitiki wakale wotchedwa Bakelite kapena aluminiyamu woumba, zikasweka sizilumikizika.

Vuto la soda wochapira ndi lakuti amadya aluminiyamu. Mgolo umada, umachita timaenje, ndipo kuwonongeka kumeneko sikubwerera. Ngakhale makina otsegula kutsogolo a mgolo wonyezimira amakhala ndi chogwirira cha miyendo itatu kumbuyo kwa mgolo, ndipo nthawi zambiri chimakhala cha aluminiyamu. Soda wotsalira akamachidya chimathyoka, mgolo n'kuyamba kugogoda. Pa mgolo wa aluminiyamu gwiritsani ntchito sopo wotsukira mbale, madzi otentha ndi burashi yapulasitiki. Soda wophikira ndi wofatsa kwambiri, sangasungunule mafuta ochuluka, koma mukamuponda ngati phala amakwecha bwino mzere wa litsiro popanda kukanda enamelo. Kumusakaniza ndi viniga n'kutaya zonse ziwiri: thovu limene limatulukalo ndi chizindikiro chakuti zaphana mphamvu.

Jiki timuike kumapeto. Amapha chuku ndi fungo, koma sachotsa laimu, sachotsa mafuta okhuthala, amaumitsa labala, amadya aluminiyamu, ndipo akakhalitsa amachititsa timaenje ngakhale pa chitsulo chosachita dzimbiri. Ngati chuku chakanika, sungunulani gawo limodzi la jiki m'magawo 10 a madzi ozizira, pukutani pamalopo ndi nsalu, dikirani mphindi 10, tsukuluzani kwambiri. Musamukumanitse ndi viniga kapena citric acid, ngakhale zotsalira m'paipi. Zimatulutsa mpweya wa chlorine umene umawononga mapapo. Ngati mukufuna kugwiritsa ntchito zonse, pakati pake payende madzi okhaokha kawiri.

Kusankha kofanana kulipo pa zopaka. Girisi wamba, Vaseline ndi WD-40 zimachokera ku mafuta a pansi, ndipo zimatupitsa labala wachilengedwe mpaka kufewa n'kung'ambika. Pa labala aliyense pakani girisi wa silikoni. Girisi wamba ndi wa magiya ndi mabering'i achitsulo, ndipo mota ikakhala ndi timabowo tothirira, madontho awiri kapena atatu a oilo wopepuka wopanda zotsukira pachaka ndi okwanira. Wochuluka amakoka fumbi n'kulowa m'mawaya. Marola ofinyira sakufuna chopaka chilichonse. Apukuteni ndi nsalu ya sopo, aumitseni, ndipo mukamaliza kuchapa masulani chowapanikiza kuti atalikirane. Akagona atapanikizana amaphwatalala mbali imodzi kapena kumatirirana, ndipo marola ena ndi ovuta kupeza.

Pa lamba ndi mapaipi musaumirire zakale chifukwa chofuna kuti makina akhale mmene anabadwira. Lamba wowala m'mbali kapena wang'aluka m'kati msintheni ndi watsopano wa muyeso womwewo. Mukamudina pakati ndi chala azitsika pafupifupi sentimita imodzi. Wothina kwambiri amatha mabering'i a mota, wolefuka amaterereka n'kununkha labala wopsa. Chingwe cha magetsi chikauma n'kumathetheka mukachipinda, chichotseni, muike cha mawaya atatu, waya wa earth mummange pa thupi lachitsulo la makinawo, ndipo muzilumikiza kudzera pa RCD ya 30 mA, kachipangizo kodula magetsi akayamba kudutsira pathupi la makina kapena la munthu. Musanagwire chilichonse m'kati zulani pulagi, ndipo kumbukirani kuti capacitor ya mota, kachipangizo kothandiza mota kuyamba kuzungulira, imatha kusunga magetsi ngakhale pulagi ili panja.