Cambridge IELTS 18 Academic: kodi limathandiza pa Task 1?

Bukuli, lothandiza kukonzekera mayeso a Chingerezi a IELTS, linatuluka mu 2023 ndipo lili ndi mayeso anayi athunthu. Pa Writing Task 1, pomwe mumafotokoza tchati kapena tebulo m'mawu osachepera 150 m'mphindi 20, phindu lake lili kumapeto, komwe kuli mayankho achitsanzo ndi ndemanga za ochonga. Ndemangazo muziwerenge mofatsa. Ambiri amagwa chifukwa chongondandalika manambala onse osalemba overview, chidule chonena mfundo zikuluzikulu, monga chimene chakwera kwambiri ndi chimene chatsika. Popanda overview yomveka, giredi ya Band 7 pa Task Achievement (gawo loona ngati mwayankha bwino zomwe mwafunsidwa) simungaione.

Vuto lake, siliphunzitsa galamala. Kusiyana kwa "rose by 10%" ndi "rose to 10%" mukakuphunzire kwina. Pogula onetsetsani kuti ndi la Academic, chifukwa ku General Training, mtundu wina wa IELTS, pa Task 1 amalembetsa kalata.